Nyumba ya asilikali ya pa 168th Street

Lachiwiri, 11 Febuluwale 2025, Washington Heights

Ndafika abale, koma thupi lonse likuwawa. Maola a mu ndege ndinasiya kuwerenga titangochoka pa Addis Ababa, miyendo inatupa moti nsapato zinayamba kundithina. Achemwali anali atandiuziratu kuti sabwera kudzanditenga ku bwalo la ndege la JFK kuno ku New York chifukwa anali pa shifiti ya usiku, alamu nawo ku ntchito, ndiye anangondilembera njira pa WhatsApp: ukwere AirTrain mpaka Howard Beach, ulipira $8.50, kenako sitima ya A ya $2.90, usatsike paliponse mpaka 168th Street. Ndinachita ndendende, koma mantha ndinali nawo sindinama. Sitima imalowa pansi pa nthaka, netiweki imabwera n'kuchoka, ine chikwama ndachipana ndi miyendo, siteshoni iliyonse kusuzumira pa windo. Mayi wina amene anakhala moyang'anana nane anaona kuti ndikuvutika, anandifunsa kotsikira, n'kunena kuti gonani ngati mukufuna ndikudzutsani, ine ndikupitirira mpaka 181st. Sindinagone koma mtima unakhala pansi, ndipo titafika anandikodoladi.

Kunja kuzizira kwake, Dedza wa mu Juni ndi wofunda. M'mbali mwa msewu muli milu ya chipale chofewa chodetsedwa ndi matayala. Achemwali anandipeza pa kona, tinakumbatirana nthawi yaitali, zaka zisanu ndi chimodzi osaonana si masewera. Tikupita kunyumba tinadutsa chinyumba cha njerwa chachitali, chotenga msewu wonse kuchokera 168th mpaka 169th, ana a sukulu ovala matirakisuti akulowa m'magulumagulu. Ndinafunsa ngati ili sukulu, achemwali akuti ayi, imeneyo ndi Armory, udzalowemo iweyo wa zamasewera, ukakonda.

Ine ndinakulira ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks, armory ndimaidziwa kuti ndi mosungira mfuti, malo amene munthu wamba sayandikira n'komwe. Ndiye ana akukatani kumeneko? Ndinalibe mphamvu yofunsa zambiri, ndadya nsima ndi nkhuku, ndikugona.

Lachitatu, 12 Febuluwale, Broadway ndi Fort Washington Avenue

Tulo tinatha 3 koloko usiku. Ndinangokhala pa windo kumvera ma ambulasi, chifukwa dera lino ndi la zipatala, Columbia ndi NewYork-Presbyterian zili pomwepa moyang'anana ndi chinyumba chija.

M'mawa alamu ananditengera kokadya kwa anthu a ku Dominican Republic, amene ndi ambiri zedi kuno, mumsewu umamva Chisipanishi kuposa Chingerezi. Anandiitanitsira mangú, nthochi zaziwisi zophika n'kuzikanya, pamwamba anyezi wofiira, pambali dzira, tchizi chokazinga ndi salami. Nditangolawa ndinakumbuka mbalagha ya ku Karonga, kungoti iyi ndi yofewa ndiponso ilibe msuzi. Mbale inali $11, khofi $2. Ndinayamba kusintha mumtima, ku banki dola ili cha m'ma K1,750, kwa osintha a mumsewu kuposa kuwirikiza kawiri, alamu anandiyang'ana n'kunena kuti alamu, mukamawerengera choncho kuno mufa ndi njala, idyani.

Alamu amakonda mbiri yakale ndipo akayamba sasiya, ndiye nkhani ya chinyumba chija tinaiyamba pa tebulo pomwepo n'kukaimalizira titaima pa khomo pake. Inamangidwa mu 1911, ya gulu la 22nd Regiment, asilikali a zomangamanga a New York National Guard. Amenewa si asilikali okhala ku balaki ngati athu aja ayi, ndi anthu wamba a ntchito zawo, makalaliki, amisiri, amene amakumana madzulo kapena kumapeto kwa sabata kuguba ndi kuphunzira mfuti, boma n'kumawaitana pakagwa vuto. Nchifukwa chake nyumba zawo zili pakati pa tauni, ndipo iliyonse ili ndi mbali ziwiri, kutsogolo maofesi ndi zipinda zochezera, kumbuyo chiholo chachikulu chopanda nsanamira pakati choti anthu mazanamazana aziguba mosagundana ngakhale kunja kukugwa chipale.

Chimene chinandikhudza ndi pamene ndinafunsa kuti nanga mdani wake anali ndani poti mzinda wa New York ulibe malire ndi dziko lina. Alamu akuti mdani amene ankaopedwa kwambiri anali wa mumzinda momwemo. Mu 1863, nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, anthu anachita zipolowe masiku anayi kukana kulembedwa usilikali mokakamiza, anafa anthu oposa 100, anthu akuda ankasakidwa m'misewu, nyumba ya ana amasiye achikuda inatenthedwa. Mu 1877 kunabuka sitiraka yaikulu ya antchito a njanji m'mizinda yambiri. Olemera anagwidwa mantha, ndiye zaka zotsatira ma armory anayamba kumera mumzinda, ambiri omangidwa ngati malinga, makoma okhuthala, timawindo ting'onoting'ono m'munsi, zitseko zachitsulo. Ya pa 168th ndi ya m'mbuyo, maonekedwe ake ndi ofatsa pang'ono, ili ndi mawindo akuluakulu, komabe ukaima pansi pake umadziona kuchepa.

Pobwerera tinadzera mbali ya 168th Street. Kumeneko kuli khomo lina laling'ono, panja pataima azibambo angapo, ena akusuta, wina atafunda bulangete pamwamba pa jekete akudziyankhulira yekha. Ndinafulumiza mwendo, ndivomere. Alamu anawapatsa moni ena mwa iwo ngati anthu odziwana, n'kundiuza kuti awa amagona momwemu.

Lachinayi, 13 Febuluwale, mkati

Lero ndalowa, ndipo ndikulemba manja akunjenjemerabe pang'ono, kaya ndi kuzizira kaya ndi zimene ndaona.

Ndinapita ndekha madzulo ana ataweruka. Umakwera masitepe, m'makoma muli zithunzi, nsapato zakale ndi mayina a akatswiri, chifukwa National Track and Field Hall of Fame, malo okumbukira akatswiri a masewera othamanga a ku America, inasamukira muno mu 2004. Usanafike pamwamba umayamba kumva mdidi, nyumba yonse ngati ng'oma. Kenako umangotulukira mu chiholo chija asilikali ankagubira, denga lili kutali, magetsi ngwee, pakati pali bwalo lothamangira la mamita 200 la mizere isanu ndi umodzi, m'makona ndi lopendekeka ngati mbale kuti wothamanga asataye liwiro pokhota. Ana ambirimbiri, akuda, azungu, achisipanishi, a ku Asia, ena akudumpha, ena akudziwongola pansi, makochi akukuwa ndi mawotchi m'manja.

Ine ndaphunzitsa masewera ku sekondale zaka khumi ndi zinayi. Mizere timajambula ndi phulusa kapena laimu tikampeza, ana ambiri amathamanga opanda nsapato, ndipo wotchi ndi foni yanga. Bwalo la rabala ndinaliponda koyamba ku Bingu National Stadium. Ndiye nditakhala pa benchi paja misozi inalengeza, ndikuganiza za kamtsikana kena ka Fomu 2 kamene kamasiya anyamata pa 1,500 koma sikanavalepo sipaiki.

Pafupi nane panakhala bambo wina wachikulire, tsitsi lonse mbuu, atavala baji ya othandiza pa mipikisano. Anaona kuti ndine mlendo, anandipatsa theka la sangweji yake osandifunsa n'komwe ngati ndili ndi njala, ndiye tinayamba kucheza. Iwowa anathamanga muno ali mnyamata wa sekondale. Akuti mipikisano inayamba kalekale mu 1914 asilikali akadali eni nyumba, ndipo nthawi yawo pansi panali matabwa okhaokha, osapendekeka, oterera, ukagwa umadzuka ndi tizibanthu ta thabwa m'ntchafu ndi m'manja, ena kukachotsa kuchipatala tsidya la msewu. Anandionetsa chipsera pa chigongono akuseka.

Kenako nkhope inasintha pamene anafika pa zaka za m'ma 1980. Nkhani yake inayambira kukhothi. Mu 1979 loya wina wachinyamata, Robert Hayes, anasumira boma m'malo mwa amuna osowa pokhala, mmodzi mwa iwo Robert Callahan, ndipo mu 1981 mzinda unasainira kuti mwamuna aliyense wopempha pogona ayenera kupatsidwa bedi. Lamulo labwino, koma mabedi ake aikidwa kuti? Akuluakulu anayang'ana maholo a asilikali amene anali atayamba kukhala opanda ntchito. Muno anandandalika timabedi mizeremizere, usiku wina mumagona amuna oposa 1,000 mu chipinda chimodzi chomwechi. Bamboyo akuti kwa kanthawi ana ankathamangabe mozungulira, mabedi ali pakati, mpaka zinakanika, mipikisano inatha. Mawindo anasweka, mipope inaphulika, TB inafala, ndewu ndi kuberana usiku uliwonse, ambiri mwa ogonawo anali odwala maganizo opanda owasamala, moti ena ankasankha kugona mu siteshoni ya sitima kusiyana ndi kubwera muno.

Ndinayang'ana pansi pamene ana amadziwongolera paja n'kuyesa kuwerenga mabedi 1,000 m'maganizo. Ndinagonapo pansi mu wodi ndikudikirira malemu bambo anga, fungo ndi chifuwa cha usiku ndimazidziwa, koma apo tinalipo mwina makumi asanu.

Amene anabweza masewera muno ndi Dr. Norbert Sander, dokotala amene nayenso anathamanga muno ali mwana ndipo anapambana New York City Marathon mu 1974. Khothi litalamula kuti chiwerengero cha ogona chitsike kufika pa 200, iye anavutitsa akuluakulu a mzinda ndi makalata mpaka nthawi ya meya David Dinkins anampatsa makiyi a holoyo, mu 1993 ana anayambanso kuthamanga. Ndalama anachita kupemphetsa kwa makampani ndi anthu akufuna kwabwino. Anamwalira mu 2017. Bambo uja potchula dzina lake anavula chipewa.

Ndinafunsa za azibambo ndinawaona dzulo aja. Akuti ndi omwewo 200 aja, malo awo alipobe m'munsi mwa nyumba yomweyi, a bungwe la Project Renewal ndi amene amawasamala, makamaka odwala maganizo, ndipo kuli anamwino ndi alangizi. Ndiye pamene ana akudidimitsa pamwamba, pansi pali munthu amene akumva mdidi umenewo ali pa bedi lake. Zimenezi zandikhala mumtima usiku wonse uno.

Lachisanu, 14 Febuluwale, kunyumba

Sindinatuluke, chimfine chandigwira ndipo miyendo ikukana. Achemwali andiphikira phala la mgaiwa, ufa wake amagula ku shopu ya anthu a ku West Africa ku Bronx, ati siufika pa wa kwathu koma umatha.

Ndadandaula kuti ndinachedwa ndi masiku atatu okha. Loweruka lapitali pa 8 kunali Millrose Games mu holo yomwe ija, mpikisano wakale umene unkachitikira ku Madison Square Garden mpaka unasamukira kuno mu 2012. Yared Nuguse, wa ku America koma makolo ake ochokera ku Ethiopia, anathamanga mayilo imodzi pa 3:46.63, rekodi ya dziko lonse lapansi ya mipikisano ya m'nyumba, ndipo Grant Fisher anaswanso ya mamita 3,000 tsiku lomwelo pa 7:22.91. Ndiye m'mawa uno alamu akundionetsa pa foni kuti dzulo ku Liévin ku France, Jakob Ingebrigtsen wa ku Norway wathamanga 3:45.14, rekodi ya Nuguse yakhala masiku asanu basi. Ndinamumvera chisoni mnyamatayo ngati wa kusukulu kwanga.

Achemwali atamva tikukamba za Armory anangoti, inetu ndinabayamo anthu katemera mmenemo. Mu Januwale 2021, Covid itavuta, holo ija anaisandutsa malo a katemera, matebulo ndi mipando pamwamba pa bwalo lothamangira, agogo a m'dera lino akubwera ndi ndodo zawo. Akuti amabwera kunyumba mapazi atatupa koma inali nthawi yoyamba m'chaka chathunthu kuona anthu akutuluka pa ntchito pawo akumwetulira, poti miyezi ya m'mbuyomo anali ataona maliro ochuluka kuposa moyo wawo wonse. Zimenezi sanatiuzepo pa foni nthawi ija, ankangoti tili bwino, pempherani. Ndinawayang'ana akutsuka mbale ndipo ndinasowa chonena.

Loweruka, 15 Febuluwale, Kingsbridge Road, Bronx

Ndapezako bwino. Alamu anati tiyeni mukaone armory ina imene sinapeze mwayi. Tinakwera A mpaka 145th, kusintha kukwera D, kudikira mphindi pafupifupi makumi awiri pa pulatifomu yozizira, kutsika Kingsbridge Road n'kuyenda pang'ono kulowera ku Jerome Avenue kumene sitima ya 4 imadutsa m'mwamba.

Kingsbridge Armory ndi chinthu china abale. Nsanja ziwiri zozungulira zosongoka pamwamba, njerwa zofiira, kumbuyo chidenga chachitsulo chokhota chotalika ngati phiri. Inamangidwa kuyambira 1912 mpaka 1917, ya asilikali a mizinga, ndipo holo yake ndi mamita pafupifupi 90 m'lifupi, 180 m'litali, kukula kwa malo ake n'koposa mabwalo awiri a mpira. Asilikali anachokamo mu 1996 n'kuisiya m'manja mwa mzinda, ndipo kuyambira pamenepo yakhala yotseka nthawi zambiri, kupatula kujambuliramo mafilimu ndi kusungiramo chakudya chogawa nthawi ya Covid. Mu 2009 panali pulani yoti ikhale shopingi mo, koma anthu a m'dera anaumirira kuti ogwira ntchito m'mashopumo azidzalipidwa malipiro okwanira kukhalira moyo, omanga anakana, khonsolo inaikana pulaniyo. Mu 2013 anagwirizana zoti mukhale mabwalo asanu ndi anayi a masewera a pa ayezi, katswiri wa hockey Mark Messier ali nawo m'gululo, ndalama sizinapezeke, zinafera m'mazira. Mu 2023 mzinda ndi boma la New York State analonjeza $200 miliyoni kuti ayambirenso.

Tinaizungulira yonse, mpanda wa waya, zinyalala zomatirira mu chipale, nkhunda pa mawindo. Kutsogolo kwake amayi akugulitsa zipewa, magolovesi ndi zipatso pa matebulo, akupondaponda pansi kuti mapazi asaume. Mtima unandipweteka, chifukwa mayi akuzizidwa panja pamene kumbuyo kwake kuli denga loti n'kufunditsa msika wonse wa Limbe. Pa nkhani ya 2009 ija ine ndili mbali ya anthu a m'dera, ntchito yoti munthu agwire tsiku lonse n'kulephera lendi si chitukuko, koma zaka zimene zadutsapo nyumba ili chitsekere nazonso zawadyera ana awo zambiri, ndipo ana amenewo ena ndi omwe amakwera sitima kukathamanga ku 168th.

Ndinagula magolovesi a $5 kwa mayi wina wa ku Ghana. Atamva kuti ndine wa ku Malawi ndipo ndangofika kumene anandiwonjezera mpango waulere, ati m'bale wanga khosi ndi limene limadwalitsa kuno. Anatilozeranso kodyera fufu ndi supu ya nsinjiro, $15 mbale, tinagawana imodzi ndi alamu ndipo tinakhuta tonse.

Lamulungu, 16 Febuluwale, Park Avenue

Titaweruka ku tchalitchi achemwali anati tikaone ya olemera, ndi kufupi ndi kumene amakagula mankhwala ena. Iyi sindikhalitsapo chifukwa tinangoona kunja ndi pa khomo, mvula yosakanikirana ndi chipale inatithamangitsa. Ili pakati pa 66th ndi 67th Street, inatsegulidwa mu 1880, ya Seventh Regiment, gulu la ana a mabanja olemera a New York amene anasonkha okha ndalama zomangira, zipinda zina anakongoletsa amisiri otchuka Louis Comfort Tiffany ndi Stanford White. Gulu lomweli linali m'gulu la asilikali amene anaombera anthu pa zipolowe za Astor Place mu 1849, anafa oposa 20. Pano mumachitika zisudzo, nyimbo ndi zionetsero zaluso, matikiti ake ine sindingakwanitse. Koma achemwali anandilozera mawindo a pamwamba n'kunena kuti kumeneko kumagona amayi osowa pokhala, ngati azibambo a kwathu ku 168th aja. Ndinaona kuti anati kwathu.

Lolemba, 17 Febuluwale, 168th Street

Mawa ndikupita ku Indiana kukaona msuweni, basi ya usiku, ndiye lero ndinati ndikatsanzike. Bambo wa tsitsi loyera uja sindinawapeze. Ndinasiya kakalata kwa mtsikana wa pa khomo kothokoza sangweji ndi nkhani, kaya kawafika. Mphunzitsi wina wa sukulu ya ku Brooklyn amene ndinacheza naye mphindi zochepa, nditamuonetsa vidiyo ya ana anga akuthamanga pa fumbi, anatsegula chikwama n'kutulutsa masipaiki awiri akale amene ana ake anasiya, ena saizi 5 ena 7. A saizi 5 ndikudziwa kale mwini wake.

Potuluka ndinadzera dala mbali ya khomo laling'ono lija. Lachitatu ndinathawa, ndipo zakhala zikundivuta. Panali bambo mmodzi yekha atatsamira khoma, wamkulu kuposa ine, manja ali m'khwapa. Ndinapereka moni, anayankha, anandifunsa kwathu poti anamva kayankhulidwe. Malawi sankaidziwa, ndinati ili pakati pa Zambia, Tanzania ndi Mozambique, kuli nyanja yaikulu. Anafunsa ngati kumatentha, ndinati kwambiri, mu Okutobala mpaka phula amafewa, anatseka maso n'kumwetulira. Ndinamufunsa ngati phokoso la ana pamwamba silimusokoneza, anati ayi, limatha usiku usanakule, ndipo iye ali mnyamata ankathamanga 400 ku sukulu kwawo ku South Carolina. Ndinafunsa nthawi yake yabwino, anaitchula mosaganiza n'komwe, mpaka kadontho.

Ndinapita pa ngolo ya pa kona kukagula khofi awiri, $2 aliyense, wake anati shuga atatu. Tinamwa titaima pomwepo mpaka zala zanga zinayamba kuuma ngakhale ndinali ndi magolovesi a mayi wa ku Ghana aja. Achemwali anaimba kuti nsima yapsa ndipo chikwama sindinalongedze.